Filimu ikutuluka ndi chifunga mu thanki: mmene ndikusakira pomwe vuto lili

Loweruka madzulo

Filimu ya zithunzi zakuda ndi zoyera yomwe ndimatsuka ndekha yatulukanso yotuwa, chomwe timati chifunga, nde ndayamba kulemba chilichonse chimene ndikuyesa, chifukwa zoterezi ukangosunga m'mutu mawa lake sukumbukira kuti unasintha chiti ndipo chiti unachisiya.

Katsukidwe ndi ka masiku onse. Filimu ndi HP5 Plus ya 35mm, divelopa (mankhwala otulutsa chithunzi) ndi ID-11 wosakaniza 1+1, kutanthauza gawo limodzi la mankhwala pa gawo limodzi la madzi, mphindi 13 pa madigiri 20, kutembenuza thanki masekondi 10 oyamba a mphindi iliyonse, kenako sitopu (woimitsa divelopa), fikisa (wokhazikitsa chithunzi kuti chisamvenso kuwala) 1+4, madzi, kuyanika. Filimu ndimalowetsa pa rilo (chokulungapo filimu cholowa mu thanki yotsukiramo) m'thumba lakuda losalowa kuwala la mikono iwiri, thanki ndikatseka zotsalazo ndimachitira poyera magetsi ali chiyakire, pajatu thanki imeneyi anaipangira zomwezo. Thanki yake ndi ya pulasitiki yolowa marilo awiri, ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito, dzina la kampani linafufutika.

Ukaikweza filimuyo pa windo zithunzi zilipo ndithu, koma malo amene amayenera kukhala oonekera, pakati pa fulemu ndi fulemu komanso m'mphepete momwe muli timabowo, onse ndi otuwa. Pa sikana zikutuluka zofooka, zakuda sizikuda, tsitsi la munthu ndi mthunzi wa pansi pa tebulo zonse mtundu umodzi wa phulusa, ukakokera kontirasti kuti zidzuke ndiye timadontho ta siliva tonga mchenga timangoti mbwee chithunzi chonse.

Ndayambira pa fikisa chifukwa ndi pomwe pali chiyembekezo. Filimu yosafikisidwa mokwanira imaoneka ya mkaka mkaka, siliva amene sanakhudzidwe ndi kuwala amakhala asanasungunuke, ndipo imeneyo ukaibwezera mu fikisa watsopano imayera bwinobwino, zithunzi zimapulumuka. Chifunga chenicheni ndi china, ameneyo ndi siliva woti divelopa wamudetsa kale, fikisa samukhudza olo umusiye mpaka mawa. Ndadula kachidutswa ka kumapeto kopanda chithunzi, ndakaviika mu fikisa wongosakaniza kumene mphindi 5, ndatsuka, ndayerekeza ndi kotsalako. Palibe chasintha.

Fikisa wakaleyo ndamuyesanso payekha. Umatenga lilime la filimu (kansonga kotulukira kunja kwa kachitini kake) losatsuka, umadonthezapo dontho limodzi, umadikira pang'ono kuti pa donthopo payambe kuyera, kenako umaviika lonse n'kuwerenga nthawi mpaka dontho lija lisaonekenso. Nthawi yofikisa imayenera kukhala kuwirikiza kawiri nthawi imeneyo, ndipo ikafika pochedwa kawiri kuposa mmene ankachitira ali watsopano ndiye kuti watha, ngotaya. Wangayu akuyeretsa mofulumira pafupifupi ngati watsopano. Fikisa ndamuchotsa pa mndandanda.

Lamulungu

Lero sindinatsuke kanthu, ndangokhala ndi manegetivi, kagalasi kokulitsira ndi foni yoyatsa sikirini yoyera pansi pake.

Choyamba ndimafuna kudziwa kuti kuyera kwa filimu imeneyi kumafika pati, chifukwa HP5 ya 35mm pulasitiki yake payokha si yoyera mbee, ili ndi kakutuwa kake kochokera ku fakitale, ndipo munthu wozolowera filimu ya 120 (yotambalala kuposa ya 35mm) akhoza kudandaula za chifunga pomwe palibe. Nde ndatenga kachidutswa kosajambula, ndakaponya mu fikisa osadutsa mu divelopa. Kameneka ndiye muyeso wanga, kakuonetsa pulasitiki yokhayokha. Filimu yotsukidwa bwino imadera pang'ono kuposa pamenepa, pang'ono chabe, poti divelopa aliyense amadetsako timbewu tina ta siliva ngakhale kuwala kusanatikhudze. Yangayi yadutsa patali, ukaziika pamodzi kusiyana kwake sikufuna kagalasi.

Chachiwiri, m'mphepete. Kukanakhala kuti ndinangolowetsa kuwala kwambiri pojambula, kapena shata ikuchedwa kutseka, mdimawo ukanathera m'malire a fulemu, kunja kwake kukanakhala koyera, chifukwa kuwala kodzera mu lenzi kumagwera pa kabokosi ka 24 ndi 36mm basi. Apa kutuwa kwafika mpaka pa manambala ndi pa timabowo, nde sikunadzere mu lenzi.

Chachitatu ndi chimene chandikhalitsa pansi nthawi yaitali. Chifungachi si chofanana paliponse. Chakula kwambiri pa mafulemu oyambirira, chikumka chichepa ukamapita kumapeto, ndipo mbali imodzi ya filimu, mzere umodzi wa timabowo, ndi yoderapo kuposa inzake. Ndatulutsa manegetivi akale m'mafayilo ndipo ena ali chimodzimodzi, ena pang'ono, ena alibiretu.

Izi zikuchepetsa mlandu wa mankhwala. Divelopa wotentha kwambiri, kapena kuisiya filimu nthawi yopitirira, kumabweretsa chifunga inde, koma chimakhala chofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto chifukwa filimu yonse yasamba madzi amodzi. Themometa ndaiyerekeza ndi ina m'kapu imodzi, zikugwirizana. Palinso chifunga china chimene chimabwera fikisa akadontheramo mu divelopa, kapena divelopa akalowa mu fikisa wotopa popanda sitopu pakati, chimenecho chimadziwika ndi mtundu, ukaiyang'ana filimu chapamwamba imaoneka yobiriwirako, ukayang'ana kupyoza pa kuwala imaoneka yofiirira. Yanga ndi yotuwa mbali zonse. Majagi ndawatsukabe ndi kuwalemba mayina, sizipweteka.

Filimu yokalamba nayonso imatuwa, makamaka ya ISO (muyeso wa mmene filimu imamvera kuwala) yokwera ngati 400 kupita m'mwamba ndiponso ikasungidwa potentha, koma iyinso imatuwa monsemonse, ndipo yangayi deti la pa bokosi silinakwane, imakhala mu furiji. Za makina ounika katundu a pa bwalo la ndege ndaziganizirako, makina otchedwa CT aja makampani opanga filimu a Kodak ndi Ilford onse anachenjeza kuti amaononga filimu ndipo ndi bwino kupempha kuti aiyang'ane pamanja, koma sindinakwere nayo ndege, komanso zimenezo nthawi zambiri zimasiya mizere kapena mafunde obwerezabwereza, osati kutsetsereka kosalala chonchi.

Kwatsala kuwala kolowa mozemba. Funso ndi loti kukulowera kuti: kachitini ka filimu, kamera, thumba, kapena thanki.

Lachiwiri usiku

Mafulemu oyambirira kuda kwambiri, aliyense angakuuze kuti ndi kachitini kapena kalowetsedwe mu kamera. Pakamwa pa kachitini pali kansalu kaubweya kotchinga kuwala, kakatha kapena ukalowetsa filimu padzuwa lowala, kuwala kumalowa n'kudetsa zigawo zakunja za mpukutu, zomwe ndi mafulemu oyambawo. Zimachitika kwambiri ndi tizitini todzaza wekha tomwe tagwira ntchito kambirimbiri. Koma tanga ndi ta ku fakitale togwiritsa kamodzi, ndipo kuwala kolowa filimu ili chikulungire kumakonda kusiya zithunzithunzi za timabowo pa chigawo chapansi pake, timakona tobwerezabwereza. Ndafufuza ndi kagalasi, palibe olo kamodzi.

Kamera ndaitsegula. Ndi ya mtundu wa SLR, ya m'ma 1970, ndipo siponji yotchinga kuwala ya m'mphepete mwa chitseko yatha, ukaikhudza ikumata chala n'kusiya zakuda, ya pa hinji ndiye yatsala dzina lokha. Apa pali vuto ndithu, ndipo ndabwerera ku manegetivi ndapeza chizindikiro chake: kamzere kakuda koimirira, kodutsa fulemu mpaka m'mphepete, kamene kakubwera pa malo amodzimodzi a fulemu koma pa mafulemu ena okha. Ndi mmene kamera yodontha imachitira, kamzereko kamakula pomwe filimu inaima nthawi yaitali kamera ili pa kuwala, ukajambula motsatizana msangamsanga sikaoneka.

Ndapala siponji yakaleyo ndi kamtengo kosongoka ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti ya isopropyl, mosamala kuti nyenyeswa zisagwere pa shata, ndamata yatsopano yodula ndekha. Ntchito yotopetsa maso koma si yovuta.

Komabe mtima sunakhazikike. Kamzere ka pa hinji ndi kamzere, kali ndi malire ake. Kutuwa kotsetsereka kuja, kokula mbali imodzi, ndi nkhani ina, ndipo ndapeza negetivi ina yakale yojambulidwa ndi kamera ina, yamakono yopanda vuto la siponji, nayo ili ndi kutuwa komweko koyambirira. Makamera awiri sangadonthe mofanana chonchi. Ndikuona ngati ndili ndi mavuto awiri osanjikizana, ndipo lomwe ndakonza lero ndi laling'onolo.

Lachinayi

Ganizo lina landidzera pamene ndimatsuka rilo. Pa rilo ya pulasitiki yopotokola ija filimu imalowera kunja n'kumayenda mozungulira kupita pakati, nde mbali imene walowetsa koyamba ndi imene imakathera pakatikati, pafupi ndi kapaipi. Ine ndimatsegula kachitini, kudula lilime, n'kuyamba kulowetsa mbali ya lilimeyo. Kutanthauza kuti mafulemu oyambirira nthawi zonse amakhala pakati pa rilo. Nde mwina si kuti chifunga chikukonda mafulemu oyamba, mwina chikukonda pakati pa thanki, ndipo mbali yoderapo ija ndi imene imayang'ana kumwamba.

Kuti izi zimveke, mmene thanki imatchingira kuwala ndi motere. Pakati pali kapaipi kakuda komwe marilo amavalapo. Pamwamba pamabwera fanelo yomwe umaipotokola mpaka itakhala, ndipo kukamwa kwake kumalowa m'mutu mwa kapaipiko. Mankhwala amatsika mu fanelo, kudutsa m'kapaipi, kutulukira pansi n'kumakwera kumiza filimu, pomwe kuwala kukalowa njira yomweyo kumakathera mumdima wa pulasitiki yakuda poti sikutha kukhota ngodya zonsezo. Chivundikiro chofewa chapamwamba chija ntchito yake ndi kuletsa madzi kutayika potembenuza basi, sichiyenera kukhala chotchinga kuwala. N'chifukwa chake munthu akaiwala kuika kapaipi filimu imapsa, ngakhale fanelo atatseka bwino. Kanga kamakhalamo nthawi zonse, koma kukhalapo kwake sikutanthauza kuti ndi kabwino.

Nde ndapereka nsembe mpukutu umodzi watsopano wosalowa mu kamera n'komwe, zowawa koma palibe njira ina yochotsera kamera mu nkhaniyi. Ndikufuna zidutswa zitatu za mpukutu umodzi, chilichonse chikumane ndi woganiziridwa mmodzi yekha.

Choyamba chisaone thumba, chisaonenso thanki ili pa kuwala, chilowe pa rilo mumdima n'kutsukidwa mumdima. Chachiwiri chikhale m'thumba lakuda pansi pa getsi kwa mphindi 10, manja ali momwemo akugwedezeka ngati ndikulowetsa filimu, kenako chitsukidwe mumdima limodzi ndi choyamba. Chachitatu chilowe mumdima, chikankhidwe mpaka pakati pa rilo, koma thanki ikhale pansi pa getsi popanda chivundikiro mmene ndimachitira masiku onse. Pozisiyanitsa ndadula ngodya ndi sizasi, china ngodya imodzi, china ziwiri, china osadula, zoti ungazimve ndi chala.

Kachidutswa kafupi pa rilo kali ndi kovuta kake, kakangodutsa pa timipira tachitsulo ta polowera pa rilo kupotokola sikukayendetsanso, kamangoima chakunja. Umayenera kukakankha ndi nsonga ya chala m'mphepete pang'onopang'ono mpaka kafike pakati. Ndayeserera poyera ndi filimu yakale kaye mpaka dzanja litazolowera.

Lachisanu usiku

Mdima weniweni ndi wovuta kuupeza kuposa mmene munthu amaganizira. Ndasankha bafa, usiku, thaulo pansi pa chitseko, katoni pa kawindo. Utangozimitsa getsi pamaoneka bii, koma ukakhala mphindi 10 maso akazolowera zinthu zimayamba kutuluka, kamzere ka pamwamba pa chitseko, kabowo ka kiyi, kagetsi kobiriwira ka chaja. Zonsezo ndamata ndi tepi yakuda. Muyeso wanga ndi woti ndikagwedeza dzanja patsogolo pa nkhope ndisaone kanthu nditakhala kale nthawi imeneyo. Wotchi ndavula, ya sikirini imayaka yokha ukatembenuza mkono, ndipo ya manambala owala mumdima nayonso si yolowa nayo.

Getsi lofiira lija la m'zipinda zotsukira zithunzi pano ayi. Limenelo ndi la mapepala osindikizapo zithunzi. Filimu ngati HP5, Tri-X kapena FP4 imamva mitundu yonse ya kuwala kuphatikizapo kofiira, ukayatsa waipha. Zomwe zimalola getsi lofiira ndi za mtundu wa ortho, zosamva kuwala kofiira, ngati Ilford Ortho Plus, ndipo si zimene ndili nazo.

Kutsuka mumdima kwandiseketsa ndekha. Majagi atatu ndawandandalika kuchokera kumanzere, divelopa, sitopu, fikisa, wa divelopa ndamukulunga labala kuti dzanja limuzindikire, foni ndaisiya kunja kwa chitseko ikulira mphindi iliyonse. Mankhwala ndayeza okwanira kumiza rilo, mathanki ambiri amalemba pansi pake, a kampani ya Paterson mwachitsanzo amafuna 290ml pa rilo ya 35mm ndi 500ml pa ya 120. Chidutswa chachitatu ndachitsuka pachokha ndi divelopa wina watsopano wa botolo lomwelo, nthawi ndi kutentha chimodzimodzi.

Zotsatira, nditayanika ndi kuziika pa sikirini pambali pa kamuyeso kanga kaja:

Cha mumdima chayera, chaderapo pang'ono chabe kuposa pulasitiki yokha, mmene zimayenera kukhalira. Apa filimu ndi mankhwala onse apezeka opanda mlandu nthawi imodzi.

Cha m'thumba chili ndi kakutuwa kochepa mbali imodzi, koti popanda choyerekeza nacho sungakaone.

Cha mu thanki ya pa getsi ndiye eeh, chimodzimodzi manegetivi anga aja, chotuwa, m'mphepete mwa kumwamba moderapo, kumachepa ukamatsika. Filimu yoti sinaonepo kamera.

Loweruka

Thanki ndaiyang'ana poyera mbali zonse, sindinaone kanthu. Fanelo ikukhala bwino, ikulira kuti khe potseka, thupi la thanki lilibe bowo. Nde ndatembenuza nkhani, m'malo mosaka pomwe kuwala kukulowera ndasaka pomwe kungatulukire. Ndalowanso m'bafa muja, ndatenga kapaipi ndi fanelo zokha ndazilumikiza mmene zimakhalira mkati, ndaunika ndi tochi yaing'ono kuchokera pamwamba pa fanelo n'kuphimba pamwambapo ndi chikhatho. Ndipo pakhosi pa kapaipi, chapamwamba pomwe kukamwa kwa fanelo kumalowera, pawala kamzere. Mng'alu wowonda ngati tsitsi, wotsika kuchokera pamlomo. Kapaipi kakakhala pakokha mng'aluwo umatsekeka ndipo suoneka, koma fanelo ikalowa imakakankha kuti katambasuke, mng'alu n'kutseguka. N'chifukwa chake poyera sindimauona, ndimayang'ana zidutswazo chilichonse pachokha.

Tsopano zonse zikulumikizana. Mng'alu uli pamwamba, rilo imodzi imakhala pansi, kuwala kukatulukira pamenepo kumagwera pa filimu kuchokera kumwamba ndi chapakati. Ndi chifukwa chake zigawo za pakati pa rilo ndi m'mphepete mwa kumwamba ndi zomwe zimapsa kwambiri. Zikufotokozanso chifukwa chimene mafilimu ena ankatuluka abwino. Masiku ena ndimaika rilo yachiwiri yopanda kanthu pamwamba kuti yapansi isakwere potembenuza, ndipo imeneyo imaphimba mng'alu mbali yaikulu. Masiku ena ndimatsuka madzulo ndi kagetsi kofooka, masiku ena masana pafupi ndi windo. Ndiye pali nthawi imene thanki imakhala yodzaza filimu popanda chivundikiro ndikusakaniza mankhwala ndi kudikira kuti afike madigiri 20, nthawi zina ndi mphindi zochepa, nthawi zina zimatenga nthawi ndithu, ndipo getsi la pa sinki lili pamwamba penipeni, kuloza mu fanelo. Vuto limodzi lomwelo koma kukula kwake kumasintha tsiku ndi tsiku, mpake linkaoneka ngati lamatsenga.

Thumba nalo ndalifufuza mwanjira yosapatsa ulemu, kulowetsa mutu mkati n'kuyang'ana ku dzuwa. Lili ndi nsalu ziwiri ndi mazipi awiri, yakunja ili bwino, koma yamkati utoto wake wakuda wayamba kusupuka pafupi ndi msoko wa mkono wamanja, pakuoneka timadontho ta kuwala. Labala wa m'mikono nayenso wafooka. Si lalikulu ngati la thanki koma pa filimu ya 400, kapena ukaijambula ndi kuitsuka ngati ya 1600, kochepa komweko kamawerengedwa, makamaka tsiku limene rilo yakana, manja atuluka thukuta, filimu ikumata, iwe uli m'thumbamo nthawi yaitali. Pa mfundo ya thukutayi, rilo ya pulasitiki ikakhala ndi kachinyezi olo pang'ono filimu siyenda, nde ndimaonetsetsa kuti yauma gwa ndisanayambe.

Lolemba

Kukonza. Tepi yakuda pa kapaipi ndaikana, mkati mwa thanki mumanyowa ndi mankhwala, imatha kumatuka n'kukamatirira pa filimu, komanso rilo singadutse bwino pamenepo. Ndayesa guluu wa epoxy wakuda, kupaka kunja kwa mng'alu mopyapyala, kudikira kuti aume usiku wonse, kenako kupala ndi sandipepa wosalala mpaka rilo ikudutsa. Pa tochi kamzere kaja sikakuonekanso, ndi fanelo yolowetsa. Koma sindikumukhulupirira kwa nthawi yaitali, pulasitiki ya mtundu uwu guluu sagwira kwenikweni ndipo malowo amakankhidwa nthawi iliyonse ukatseka. Kapaipi kena ndikufunafuna, kakapanda kupezeka kolingana ndigula thanki ina, filimu ndi zithunzi zomwe zikuonongeka zikuposa thankiyo kutali.

Pakadali pano ndasintha kachitidwe. Mankhwala ndikusakaniza ndi kuyeza kutentha kaye, filimu kulowa mu thanki pomaliza. Chivundikiro chikukhala pamwamba nthawi yonse kupatula pothira ndi pokhuthula, ndipo pothira ndikuzimitsa getsi la pa sinki n'kusiya la kumbuyo kwanga. Rilo yopanda kanthu ikukhala pamwamba nthawi zonse. Thumba ndikuligwiritsa ntchito m'chipinda chamdima pang'ono, mikono yolowetsa mpaka kupitirira zigongono, ndipo pomwe pasupuka ndamata chigamba cha nsalu yakuda mkati. Fanelo sindikuitsegula mpaka fikisa atamaliza, pajatu ena amakonda kusuzumira pambuyo pa sitopu, koma filimu isanafikisidwe imakhala ikadamvabe kuwala.

Wina akhoza kunena kuti bwanji osangothira benzotriazole kapena potassium bromide mu divelopa. Amenewo amathandiza pa filimu yokalamba, amaletsa timbewu tosakhudzidwa ndi kuwala kuti tisade, ngakhale amachepetsako mphamvu ya filimu yomva kuwala. Koma pa kuwala kodontha alibe nzeru yosiyanitsa, kwa iwo kuwala kwa mu mng'alu ndi kuwala kwa mu lenzi n'chimodzimodzi. Nde pa vuto langali ndi kungotaya mankhwala.

Lachinayi madzulo

Ndabwereza mayeso a thanki ndi chidutswa chotsala cha mpukutu uja, dala pansi pa getsi lomwe lija, popanda chivundikiro, popanda rilo yapamwamba, kuti guluu ayesedwe payekha. Chatuluka chofanana ndi cha mumdima chija, ndaziika pamodzi pa sikirini sindikutha kusiyanitsa popanda kuyang'ana ngodya zodula.

Kenako mpukutu weniweni wojambula ndi kamera ya siponji yatsopano. Ndinausiya dala mu kamera pa windo masana onse pa fulemu imodzi kuti ngati hinji ikudonthabe ionekere. M'mphepete mwayera kuyambira fulemu yoyamba mpaka yomaliza, manambala akuwerengeka akuda bii pa pulasitiki yoyera, kamzere koimirira kulibe. Pa sikana mithunzi yabwerera, jekete lakuda likuoneka ulusi wake m'malo mwa phulusa lija. Ndaonanso kuti mphindi 13 zija zili bwino, nthawi ina ndinkaganiza zowonjezera poona zithunzi zofooka, chikhala ndinatero chifunga chikanangokula.

Manegetivi akale aja ena apulumuka pang'ono. Posikana ndikuphatikiza m'mphepete mwa filimu n'kuuza pulogalamu kuti pamenepo ndiye pakuda penipeni, kenako kukonza kontirasti. Pomwe chifunga chili chofanana zikutheka ndithu, kungoti mchenga ukuchuluka ndipo za mu mthunzi wakuya zinapita basi. Pomwe chikutsetsereka kuchokera mbali imodzi pakufunika kudetsa mbali imodziyo pamanja, fulemu iliyonse payokha, nde ndikuchita pa zithunzi zomwe ndikuzifunadi zokha. Pa pepala zingafune nthawi yaitali pa enlarger (makina osindikizira chithunzi pa pepala) ndi fyuluta yokweza kontirasti. Za Farmer's reducer, mankhwala ochepetsa siliva pa negetivi a ferricyanide ndi thiosulfate, ndaziganizira n'kuzisiya, imadya siliva wopyapyala koyamba, ndipo siliva wopyapyala ndi chifunga inde komanso ndi mithunzi ya chithunzi, pa chifunga chosafanana chonchi ndikhoza kungoonjezera mabala.

Chotsala ndi filimu ya 120. Rilo ikatambasulidwa imatalika, m'mphepete mwa filimu mumafika pafupi ndi pomwe panali mng'alu, ndipo rilo yachiwiri singakwanenso pamwamba mu thanki imeneyi. Komanso 120 ili ndi zake, mpukutu ukakulungika molekerera kuwala kumalowa m'mbali potulutsa mu kamera, zomwe zimaoneka mofanana ndi vuto la thanki, nde pamenepo ndidzayambanso ndi chidutswa chosajambula. Mayeso a tochi pa kapaipi ndizichita ndisanatsuke mpukutu uliwonse mpaka kena kapezeke.